Mabowo a Lamba

Lamba wanga ali ndi mabowo asanu ndi awiri.
Asanu adachoka nawo kusitolo.
Awiriwo adaboola a Nikoloma pa Chitakale
ndi msomali wamoto, kunsonga kwenikweni,
akuseka: "Akalaliki, chikopa chathera pano.
Mukadzabweranso tidzalumikiza ndi linya."

Ndidaseka nawo. Nanga si kupeza bwino?
Ine amene ndinkathyola tiyi, dengu kumsana,
nthiti zikuwerengeka ngati mizere ya m'munda,
tsopano ndinkakhala pamthunzi ndi buku ndi sikelo,
kuyeza thukuta la anzanga m'makilo.
Mimba inkafika mu ofesi ine ndikadali pakhonde,
anthu n'kumati, "Zikukuyenderani, bwana."

Zinkandiyendera, inde:
tchipisi cha pachiwaya, mang'ina a Loweruka,
masupuni anayi a shuga m'kapu imodzi,
mabotolo a thukuta lozizira tsiku la malipiro.

Tsiku lina chingwe cha nsapato chidamasuka.
Ndidawerama.
Phiri lidapendekeka, m'makutu mudalira nyenje.
Mwana wanga Mwatitha adagwada n'kundimangira,
osanena kanthu.
Kusanena kanthuko ndiko kudandilasa.

Kuchipatala Mayi Namaona adandikulunga mkono,
napopa, nayang'ana, napopanso.
"Bambo, mtima si thirakitala.
Katundu mwausenzetsayu adzamutula ndani?"
Mapiritsi adandipatsa ochepa.
Chachikulu adandipatsa msewu.

Ndiye ndidayamba, tambala wachiwiri atalira,
chiperoni chikunyowetsa nsidze,
kulowera cha ku Likhubula, phazi ndi phazi.
Agalu adandiuwa.
Akabaza adandiimira: "Kwerani, bwana, kwagwanji?"
Amayi otsika m'phiri ndi mitolo ya nkhuni
adandidutsa akucheza za mitengo ya sopo,
ine nditakumbatira bulugamu,
wefuwefu,
ndikupepesa mapapo anga.

Kunyumba Esinala adabisa botolo la mafuta,
nachulutsa chisoso, nandolo ndi kholowa.
Mitanda itatu idasanduka umodzi ndi theka.
Tiyi wopanda shuga adandidabwitsa:
zaka makumi awiri ndakhala ndi tsamba limeneli
osadziwa mawu ake enieni.
Madzulo chiwaya chinkandiitana ndi dzina.
Kawiri ndidavomera, sindinama,
ndidanyambita ndi zala zomwe.
Koma m'mawa mwake ndidadzukabe.

Mwezi woyamba lamba adakana, gwa.
Wachiwiri ndidamva batani likupuma.
Wachinayi zidayamba za m'makutu:
"Mwawaona akalaliki? Malaya akulendewera."
"Ndi ngongole imeneyo."
"Ayi, akudwala, sanena chabe."
Mlamu wanga adakwera basi kuchokera ku Limbuli
kudzandizonda, nanazi kumanja, nkhope yamaliro,
n'kundipeza ndikuwaza nkhuni kuseri.
Nanaziyo tidadyera limodzi.
Adapita asanakhulupirire.

Kuno ukanenepa ndiwe bwana,
ukatsika ndiwe wodwala.
Palibe amafunsa ngati ukugona bwino,
ngati mawondo asiya kulira pokwera chitunda.

Mimbayo sidathe yonse, ayi.
Katsala kamtunda kokakamira pansi pa mchombo,
kondikumbutsa kuti zaka khumi
sizichoka ndi dzinja limodzi.
Koma dzulo pa mlatho ndidayenda phewa ndi phewa
ndi amayi a nkhuni aja,
ndipo ndidatha kuwayankha moni wonse
osauduladula.

Pobwerera ndidaima pa a Nikoloma.
Adayang'ana m'chiuno mwanga, nawerenga ndi chala:
"Mwabwerera m'mabowo a kusitolo!
Nsonga ikulendewerayi tidule?"

Ndidati ayi, isiyeni.
Mabowo awiri opserezawo ndi maso,
azindiyang'ana m'mawa uliwonse
chiperoni chikamati gona pang'ono.

Kenaka ndidawerama pamaso pawo,
phiri lili chilili,
ndidamasula chingwe cha nsapato dala,
n'kuchimanganso ndekha.