Kuwerenga Msana wa Atate

Kusukulu ya udokotala kuno ku Cusco
anatipatsa msana wapulasitiki, woyera mbee,
wotungidwa pa waya ngati mkanda.
Chipangidwireni sunasenzepo kanthu.

Wa atate ndi uwu.
Agona chafufumimba pa bulangete la ubweya wa alipaka,
angotsika kumene kuphiri,
masiku anayi ali pansi pa mahema ndi mapoto a alendo.
Fortunato Huallpa, zaka makumi asanu ndi zitatu.
Akuti, “Yesenia, ingopaka mafutawo, usandiwerenge.”
Koma zala zanga zayamba kale.

M’khosi muli mafupa asanu ndi awiri.
Loyamba limasenza mutu osadandaula.
Lachiwiri ndi lomwe munthu amapukusira pokana,
ndipo la atate linachita dzimbiri.
Lotsiriza latumphuka ngati mfundo ya chingwe,
khungu lake lakuda bii, lokhakhala.

Kenako khumi ndi awiri ogwira nthiti.
Pamwamba pawo payalidwa mnofu waukulu uja
woyambira kunkhongo, wotambalala m’mapewa,
wokathera pakati pa msana mosongoka.
Dokotala Ccahuana amaujambula ndi choko chofiira,
mizere yake yosalala ngati tsitsi lopesa.
Uwu ndi wolimba gwa,
muli timiyala tobisala,
ndikakanikiza kamodzi atate atukwana m’Chikechuwa
kenako aseka, nkhope ili m’bulangete.

Ndatsikira m’chiuno, kwa akuluakulu asanu.
Uku ndi uku kwadutsa minofu yaitali
yokokana ngati zingwe za mlatho,
ndiyo imamuimika munthu chilili.
Pakati pa fupa ndi fupa pamakhala kankhata kofewa.
Ka pakati pa lachinayi ndi lachisanu kanaphwasuka,
kanatulukira m’mbali
n’kupana mtsempha wopita kumwendo.
Ndinakaona ndekha pa chithunzi chakuchipatala,
ndinakhala duu m’khonde muja mpaka anazimitsa magetsi.
N’chifukwa chake chala chachikulu cha phazi lamanzere
chimachita dzanzi m’mawa.
Iwo amati ndi nsapato.

Kunsi kwake asanu ena anamatana kalekale
n’kukhala fupa limodzi,
ndipo kumapeto kuli kamchira
kamene timakakumbukira tikagwa chamatako.

Onse pamodzi, makumi atatu ndi atatu.
Mawa kuli mayeso, ndipo ndikhoza.
Fizi ya teremu ino inadutsa pompano:
inakwera paphewa ili,
inatsika fupa ndi fupa ngati munthu pa masitepe amiyala,
inakapumira pa kankhata kaja.
Buku langa lolemera lija nalonso,
ndi jasi yoyera ili pamsomaliyo.

Ndimafuna kunena kuti musapitenso.
Mawuwo ndinawakonza bwino ndili m’basi.

Koma ayamba mkonono.
Nthiti zikukwera, zikutsika pansi pa dzanja langa,
ndipo Lachinayi m’bandakucha
galimoto ya kampani idzaimba hutala pakhomo.
Ndawafunditsa.
Mafuta otsala ndapaka m’khosi mwanga,
pomwe papweteka ndi kuwerama.