Chipsera cha pa Tsinde

Kuseri kwa nyumba yathu ku Domwe
kuli mtengo wosadziwa dzina lake.
Mizu ndi ya mandimu,
nthambi ndi za malalanje,
ndipo pakati, pofika m'bondo,
pali chotupa chonga mfundo ya chingwe.

Bambo anga a Fulujensiyo anaumezanitsa
chaka chimene anabwera ndi mayi kuchokera ku Changara,
mkazi wa kuchigwa, wokulira pa masau ndi dzuwa loswa mtengo,
wonena "ndatenda" pamene ife timati zikomo.
Azakhali anati sizigwirana izi,
chisanu cha Juni chimubweza chokha.
Bambo sanayankhe.
Ananola kampeni pamwala,
nang'amba tsinde, nalowetsa kanthambi,
namanga ndi mphira wa chubu cha njinga.

Mayi ankauthirira madzi otsukira mbale.
Akuti ankacheza nawo m'Chinyungwe
poti pamudzi panalibenso wina womva.

Nkhondo itafika tinathawira ku Dedza,
ine ndili kumsana,
Felizimina akukoka nsalu ya mayi,
Jenuwariyo atasenza wailesi yopanda mabatire.
Zaka zisanu ndi ziwiri.
Pobwerera tinapeza denga kulibe,
mtengo wawauka mbali imodzi,
ndipo m'munsi mwa chipsera
mandimu atatulutsa mphukira zawo zaminga
ngati akuti, eni dothi ndife.

Bambo anatenga chikwanje.
Mayi anawagwira mkono:
"Asiyeni. Ndiwo anasunga pakhomo."

Kuyambira pamenepo umabereka pawiri.
Alendo amathyola osafunsa,
wina namwetulira, wina nakwinya nkhope,
ife n'kumayang'ana kumbali kubisa chiseko.

Sindinena kuti mwa ife atatu ndimu ndani.
Jenuwariyo ali ku Moatize, kumalasha,
amatumiza ndalama pafoni ndi mawu awiri okha.
Felizimina anakwatiwa ku Beira,
pamaliro safika,
koma amalira pafoni mpaka mayunitsi kutha.
Ine ndinatsala, osati chifukwa cha mtima wabwino,
munda wa kachewere ndiwo unandigwira mwendo.

Mwezi wathawu achimwene anabwera ndi tepi yoyezera.
Akufuna sitolo pamalopo, yoyang'ana kumsewu.
Akuti mtengo wakalamba, walowa chiswe.
Sananame.
Khungwa likusendeka lokha,
nthambi ya kumadzulo sinachite maluwa chaka chino.
Tinakangana mpaka nkhuku kulowa m'khola.
Iwo anatchula ndalama za bokosi la bambo,
ine ndinatchula zaka zinayi
zimene ndinasambitsa mayi ndekha, ndi kuwatembenuza usiku.
Palibe ananama,
n'chifukwa chake zinawawa.

Pakati pa usiku ndinamva mtswatswa panja.
Ndinasuzumira pazenera:
anali atakhala pamuzu, jekete paphewa,
akusenda lalanje ndi chala chachikulu
mozungulira, khungu osaduka,
monga ankachitira bambo.
Sindinatuluke.

M'mawa anapinda tepi yawo.
Sananene kuti asintha maganizo,
kwathu mawu otere satuluka pakamwa.
Anangofunsa ngati kampeni kaja kalipo.
Ndinakapeza m'chitini cha misomali, katachita dzimbiri.
Ananola pamwala womwe uja,
nadula kanthambi kamodzi ka maso atatu,
ine ndinakakulunga m'nsanza yonyowa,
nakwera nako chapa ya ku Ulongwe.

Kaya ku Moatize kuli tsinde lokalandira,
kaya fumbi lakuda likapha,
kaya tepi ija idzabweranso mvula ikatha,
sindidziwa.

Dzulo mwana wanga Evarisita
anagwira chotupa chija nafunsa
chifukwa chake bala la mtengowu silipola.
Ndinati linapola iwe usanabadwe,
limangooneka choncho basi.
Sanakhutire. Anakanda ndi chikhadabo,
nanunkhiza chala chake,
nati sakudziwa ngati ndi ndimu kapena lalanje.
Ndinamutuma akatenge madzi otsukira mbale.