Mbuzi Idasintha Mtundu

Ku Chawama, kuseri kwa chigayo cha a Daka,
kudali chipinda cha malata chopanda zenera,
mabenchi asanu, chinsalu chakuda pakhomo,
ndi wailesi yakanema yofuna mbama
isanayambe kulankhula.
Tinkalowamo ndi ndalama yotituma mchere.

Filimuyo ndi ya telala wogontha khutu limodzi
amene mbuzi idamudyera buluku la mkwati
m'mawa wa tsiku la ukwati.
Nkhani yonse ndi yomweyo. Musafunenso ina.
Ola ndi theka munthu ali pambuyo pa mbuzi,
tepi yoyezera ikulendewera m'khosi,
ndipo akagwetsa kanthu,
lichero la tomato, njinga ya wapolisi, keke yosanja,
amaima njo, manja m'mwamba:
"Si ine, ndi mphepo!"

Odziwa zinthu adati ndi zinyalala.
M'holo ya m'tauni idagonamo masiku atatu okha.
Ndipo sadaname ayi:
mthunzi wa wojambula umaoneka pakhoma la tchalitchi,
mkwatibwi amaseka pomwe anayenera kulira,
mbuzi imalowa mumsika ili yoyera mbee
n'kutulukira uko ili yakuda bii.
Fanuelo ankalumbira kuti yoyambayo adaidya ojambulawo.
Ife tinkangodikira pomwepo,
mpweya titaugwira,
kuti tikuwe pamodzi: "Yasintha!"

Tepi idatopa, nkhope zikugwedera ngati zili m'madzi.
Tidagula chimbale ku Kamwala, chidakalika.
Lero ili m'foni ya Esinati,
pakati pa nyimbo za kwaya ndi zithunzi za adzukulu.
Chigayo chija adachigumula, pali malo ometera,
koma telala akuthamangabe,
sadaonde, sadamere imvi,
mbuzi sadaigwirebe.

Yotamu atagunda geti la abwana ake ku Kabulonga
adatsika m'galimoto, n'kukweza manja, n'kunena mawuwo.
Ntchito idatha tsiku lomwelo.
Koma mlonda, amene sadalankhulepo naye chaka chathunthu,
adakhala pansi ndi phwete,
ndipo mpaka pano amayenderana.
Timadziwana choncho mumzinda uno:
wina akangoyamba m'minibasi, mchira wa mawuwo
umachokera kumpando wakumbuyo.

Tidakamuika Fanuelo ku Chingwere mwezi wa fumbi.
Titabwerera kunyumba ya maliro
tenti idagwera mkulu wa mpingo ali pakati pa pemphero.
Kudangoti zii.
Miyendo yake yokha ikupalasa pansi pa lona.
Kenako pamphasa, mkati mwa chitenje,
mawu osasa a mkazi wamasiye: "Si ine..."
Tidamaliza tonse.
Tidaseka mpaka nthiti kuwawa,
misozi ikutsika osadziwa kuti ndi ya mbali iti.

Mwana wanga Kesiya ndidamuonetsa chaka chatha.
Adaonera nkhope ili gwa, chala chikuyabwa kuti adumphe.
"Adadi, choseketsa n'chiyani apa?"
Ndidasowa poyambira.
Ndikadamuuza bwanji kuti m'filimumo muli fungo la gaga,
muli kutentha kwa malata a mu Okutobala,
muli chigongono cha Fanuelo chikundibaya m'nthiti
mbuzi isanafike n'komwe pamsika?
Kuti sitiseka telala yekha,
timaseka anyamata asanu a mapazi otuwa
amene akukhalabe pabenchi lachitatu,
mchere osagula,
chikwapu chikuwadikira kunyumba?

Ndidangoti, "Zakale izi, mwanangu."

Lachinayi lapitali magetsi adazima tikudya.
Kesiya adanyamuka kukasaka kandulo.
Kukhitchini kudamveka phwaa,
mbale yadothi ya amayi ake, ya paukwati.
Nyumba yonse idagwira mpweya.
Ndiye mumdimamo, kamawu kakang'ono,
konjenjemera, koyesa mwayi:
"Si ine..."

Amayi ake adayesetsa kukwiya.
Ndidawamva akuyesetsa.