Zibowo Zisanu ndi Zitatu

Khadi la zithunzi ndinakaligula ku Tete,
kuseri kwa msika wa Kwachena,
kwa mnyamata wotuluka thukuta mpaka m'zikope.
Anati, "Mana, ili limalowa paliponse."
Ndinalifungatira m'chapa njira yonse,
kudutsa fumbi la malasha ku Moatize,
kukwera zitunda mpaka mphepo ya ku Ulongwe
itayamba kundiluma m'makutu.

Paliponse, eti?
Linakana pakhomo penipeni.
Kutalika, zala ziwiri zokha,
mchira wake kugunda kachitsulo kogonera disiki.
Ndinakabwereka sowo kwa Jerevaziyo wokonza njinga.
"Kompyuta amachita kucheka masiku ano?"
Sindinamuyankhe. Ndinacheka,
utuchi wa chitsulo ndinasesa ndi mswachi wotha,
khadi linalowa kuti khethe.

Pamsana pake zibowo zisanu ndi zitatu.
Waya wanga, mano asanu ndi limodzi.
Ndinawerenga katatu,
ngati kuti awiri enawo amera ndikuyang'ana.
Pa kabokosi ka magetsi analemba mazana atatu,
pa katoni ya khadi mazana asanu.
Zambezi yense anamutseka m'chigawo chathu chomwechi,
mphamvu yake ikuwalitsa mizinda ya eni,
ine pano ndikupempha mawati mazana awiri.

Lachisanu Felizimina anabweranso.
Salowa, amaima pazenera.
"Vidiyo ya ukwati wanga ija?"
Ndinati mawa. Kale ndinatinso mawa.
Ndikanamuuza bwanji kuti pa makina akalewa
anthu ake amavina modukizadukiza,
mwendo m'mwamba, kuuma, kenako ali kale kwina?

Matumba awiri a kachewere anapita.
Kondakitala wa chapa anabwera nako kabokosi katsopano,
atakakulunga m'malaya ake.
Mano asanu ndi atatu, zibowo zisanu ndi zitatu.
Ndinadina batani.
Fani zinazungulira, kamphepo kundipepesa pachala.
Sikirini bii.

Ndinazula memore, kuipukuta ndi labala, kuibwezera.
Bii.
Ndinachotsa kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo,
kuwerenga mpaka makumi asanu ndi limodzi, kukabwezera.
Bii.
Ndinatukwana mnyamata wa ku Kwachena
ndi thukuta lake lomwe.

Rozita, mwana wanga wa giredi faifi,
atatsamira chitseko, mswachi uli m'kamwa:
"Amayi, nanga waya wabuluuwo
bwanji ukadali pachibowo chakale?"

Ndinakhala chete kanthawi.
Khadi latsopano lilibe n'komwe chibowo cha buluu.
Kachilumikiziro kake tinakakapeza ku sukulu ya sekondale,
m'dirowa ya aphunzitsi a Matewu,
pakati pa choko ndi malisiti.

Chithunzi chinabwera, koma chonenepa,
zilembo zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani cha chigayo.
Khadi ndi kompyuta zinali zisanadziwane chinenero.
Pulogalamu yozimasulirana ndinaikoka usiku,
pa bandulo yotchipa ya anthu osagona.
Inaduka itatsala pang'ono.
Ndinayambiranso.
Mita ya magetsi inayamba kulira njala.
Atambala a kwa Jerevaziyo anandipeza ndili maso.

Lachisanu lino ndinamuuza kuti alowe.
Anakhala pa mpando wa pulasitiki, chikwama pamiyendo.
Keke sanaifune, ngakhale mphete,
ngakhale galimoto ya maluwa yozungulira tchalitchi.
"Pitani kutsogolo. Kutsogolobe. Apo."

Bambo ake, a Zefaniya,
jekete lotuwa lowakulira m'mapewa,
milungu itatu tisanawaperekeze kumanda.
Akulowa m'bwalo cham'mbali,
chipewa m'dzanja, phewa likutsogola,
phazi likusesa fumbi, lina likulondola,
osadukiza,
osauma,
mpaka kukafika pamene anaima mwana wawo.

"Bwezani," anatero.
Ndinabweza.
Mkati mwa bokosi lochekedwa ndi sowo
fani zinkazungulira mwakachetechete.
"Bwezaninso."