Chitseko Chakumanzere

Kale ndinkangodina kamodzi,
zitseko zonse zinayi n'kuyankhira pamodzi: khwa!
ngati ana a sitandade faifi mphunzitsi akalowa.
Lolemba ndinadina pa Ginnery Corner.
Zakutsogolo zinavomera,
chakumbuyo kumanja chinayamba chaganiza kaye,
koma chakumanzere chinangoti zii,
ngati sindikunena icho.

Sindiidandaula. Galimotoyi
inalowa pa Mwanza ili kale ndi imvi.

Ndinayambira potchipa,
monga amachitira munthu wodikira malipiro a boma:
batire la rimoti, kaja konga ndalama yachitsulo,
kwa mnyamata wokonza mawotchi pakhonde ku Limbe.
Ayi ndithu.
Fyuzi ndinaizula ndi kozulira nsidze ka mayi a kunyumba,
n'kuiyang'ana padzuwa ngati dzira lokayikitsa.
Inali yamoyo.

Lachitatu usiku mvula inakhuthuka ku Zingwangwa,
ndipo galimoto, payokha pabwalo,
inayamba kudzikhoma ndi kudzitsekula,
khwa, khwa, khwa, mpaka tambala woyamba.
Mayi Nasimango anasuzumira pakatani.
Kutacha anandipatsa nambala ya mneneri wa ku Chilobwe.
Ndinathokoza, n'kulowera ku Ndirande.

Galaja ya Ajibu ndi malata atatu ndi benchi.
Zida zake: babu la indiketa, mawaya awiri, khutu.
Anagunditsa tsaya pachitseko.
"Dinani, aphunzitsi."
Ndinadina.
"Dinaninso."
Anamvetsera ngati namwino pamimba ya mayi woyembekezera,
kenako anakanganula chikuto chamkati,
timapini tiwiri n'kuthyoka, iye osapepesa.

M'mimba mwa chitseko munali fumbi lofiira la zaka,
pepala la switi, theka la pensulo lolumidwalumidwa,
ndi kamota kakuda, kachete.
Anakapatsa moto wochokera kubatire mwachindunji.
Kanadumpha!
"Aka sikanafe," anatero.
"Uthenga ndi umene sukufika."

Tsono anayamba kulondola waya ndi zala,
pang'onopang'ono, ngati wotsata mzere wa linthumbu,
babu likuyaka apa, likuyaka apa,
mpaka pa kalabala kamakwinya
kolumikiza chitseko ndi thupi la galimoto.
Apo babu linazima.
Atakafunyulula, onani:
wobiriwira waduka,
awiri enawo asupuka khungu, akukhudzana.
"Mfiti yanu ija ndi iyi.
Madzi akalowa, awiriwa amapatsana moni."

Anapukuta manja pa ovolosi.
"Waya saduka tsiku limodzi, bwana.
Tsegula, tseka, tsegula, tseka,
kachingwe kamodzikamodzi m'kati.
Ndani ankakonda chitseko chimenechi?"

Ndinayang'ana theka la pensulo lija.

Mwandida.
Kuyambira mkaka mpaka fomu folo, mpando wake unali umenewo.
Ankachimenyetsa akakwiya,
ankachitsegula tisanaime pageti ya sukulu,
ine ndikukalipa pagalasi.
Pano ali ku Joni chaka chachinayi.
Tinasiyana mawu pa Wenela, basi ikulira,
ndipo sindikumbukanso kuti anayamba kukhala chete ndani.

Ajibu sanadikire yankho.
Anasenda nsonga ziwiri ndi mano,
n'kuwonjezera kachidutswa pakati,
"kuti pakhale popumira, pasamakokane,"
anawotcherera, anakulunga tepi.
Fungo la mtovu linasakanikirana ndi la chipisi cha pamsewu.
"Dinani."

Khwa! Zonse zinayi.

Tinakangana pang'ono za mtengo, mwamwambo chabe.
Timapini tothyoka tija anati ndidzabwere Loweruka.

Madzulo ano ndaimika galimoto pabwalo,
ndadina, zayankha,
komabe ndazungulira n'kukoka chogwirira chilichonse,
poti dzanja silikhulupirira msanga.
Phiri la Soche layamba kuda.
Pensulo ili m'thumba la malaya.
Ndatulutsa foni, ndapeza dzina lake,
ndadina kamodzi,
ndagunditsa tsaya,
ndikumvetsera.