Chala Chimene Chinatsala ku Workington

Mipopi inauma Lachitatu kuno ku Mufakose.
Bambo anga, Che Ajasi, akutawaza ndi kapu imodzi
ya madzi a pamjigo, ozizira ngati chitsulo cha mu Juni.
Dzanja lamanja katatu,
ndipo pamene palibe chala
amatsukapo mofatsa kuposa pena ponse.

Chamkombaphala chinatsala ku Workington,
m'makina odulira malata, chaka chimene ndinabadwa.
Kapitawo anawapatsa bandeji ndi masiku asanu.

Chiarabu sindinkachimva ndili mwana,
choncho ndinkaima kumbuyo kwawo, m'mphepete mwa mkeka,
kuwerenga manja.

Akakweza zikhatho kufika m'makutu, Allahu Akbar,
ndinkaona lendi ikugwera kumbuyo kwa mapewa,
ngongole ya matimati ya kwa Mai Rumbidzai,
ndi chitupa chija chowatchula mlendo
mumzinda umene anaufolera madenga.
Atero manja: taonani, sindinabise kanthu.

Kenako lamanja pamwamba pa lamanzere, pachifuwa.
Lopunduka kugwira lamphumphu.
Ankati nseka: ndikulimanga ili
lisakalowe m'thumba la mwini.

Powerama, zikhatho zimagwira mawondo,
msana kuyala ngati wa wonyamula matumba ku Mbare Musika
podikira kuti amusenzetse.
Ine ndinkadikira nawo.
Palibe thumba linatsikapo.

Mphumi pansi, manja pansi,
zala zisanu ndi zinayi zoloza ku kibula.
Tsiku lina anandinong'oneza atamaliza:
ukapatuka pang'ono chabe kumanja kwa kumeneko,
ufika kwathu ku Namwera.
Sanapatukepo. Sanapitenso.

Koma ndinkadikira kwenikweni pokhala pansi paja,
pamene mzikiti wonse umadzutsa chala chimodzi
kuchitira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi.
Ndinkachita manyazi m'malo mwawo.
Shehe anali atawauza kale kuti palibe mlandu,
dzanja lingogona pantchafu, wodziwa mitima adziwa.
Iwo ayi.
Kachitsa kaja kankadzuka,
kafupi, konyezimira pachipsera,
kunjenjemera ngati mphuno ya mbewa,
kuloza ndithu.

Ndinafunsa kamodzi, tikudikira kombi mvula ikuwaza:
nanga mumaloza ndi chiyani, poti palibe?
Anayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina.
Mmodzi, anatero, safuna chala chachitali kuti umuwerenge.

Tsopano ndine wamkulu, ndimasintha ndalama pa Copacabana,
zala zanga zimanyambita mapepala a anthu tsiku lonse
ndipo madzulo zimanunkha thukuta la mzinda.
Lachisanu lapitali, mnyamata wina wophunzira kunja
anandigwira pamkono titapereka salamu:
achimwene, chala mumachipindiranji?
Tambasulani chonse, ndi mmene zimakhalira.

Ndinayang'ana.
Zaka makumi atatu ndakhala ndikudzutsa mfundo yokha,
theka la chala,
nsonga nditaibisa m'chikhatho
monga ndinaphunzirira kumbuyo kwa mkeka uja.

Ndinamuthokoza mnyamatayo. Sanalakwe.

Usiku magetsi anazima nthawi ya Isha.
Tinaswali awiri, kandulo ili pa sefa,
bambo atakhala pampando poti mawondo anakana.
Pakhoma, mithunzi ya manja athu inakula ngati mapiko.
Nthawi ya umboni itafika
changa chinadzuka chonse, chowongoka, chachilendo,
chawo chinadzuka pomwe chimathera,
ndipo sindinathe kudziwa
chimene chinafika patali.