Kamwanapiye ka ku Zolozolo

Chikhakha chandimanga mwendo, uno ndi mlungu wachisanu.
Njinga yanga ya sakaramento yatsamira khoma,
khushoni wake akumwa mvula yamawawa
yomwe kuno ku Zolozolo sidziwa kutsanzika.
Anzanga akupalasa cha ku Katoto, mabelu ali ngiringiri,
ine ndili chagada, kuwerenga misomali ya malata.

NyaSingini, a khomo loyandikana, anatopa ndi kuusa moyo kwanga.
Anabwera ndi kasingano kokhota kumutu
ndi juzi yachikasu ya pa kaunjika, yobooka m'khwapa.
"Masulani iyi," anatero.
"Wathyoka ndi mwendo, zala zili bwino."

Ndinamasula. Ulusi unatuluka wopotanapotana
ngati ukukumbukabe thupi la amene ankauvala.

Poyambira ndi kabwalo:
kulungani ulusi pa chala, lowetsani singano,
kolani, kokani, lowetsaninso,
mfundo sikisi, kenako tsekani pakamwa pake.
Zala zanga, zokulira pa hendulo ndi sipanala,
zinafinya singano ngati buleki pamtsetse.
"Pachoko pachoko," anatero m'chiyankhulo chawo,
"ulusi si kasitomala wothawa ndi ndalama."

Mzere wachiwiri, paliponse ziwiriziwiri: thwelofu.
Wachitatu uyenera kukwana eyitini.
Ine ndinapeza twente-wanu,
chinthu nkufufuma mbali imodzi ngati mbatata yokulira pamwala.
Ndinamasula katatu, ndikutukwana chamumtima.
Kachinayi ndinakoleka pini pamene mzere wayambira
ndipo masamu anayamba kundimvera.

Chiukepo anadzandizonda, matope mpaka m'mawondo.
Anaseka mpaka kutsokomola:
"Iwe, mawa tikuona utavala duku!"
Ndinamuuza agwire mpukutu wa ulusi
usagwere m'beseni lotchera madontho a padenga.
Anagwira.
Ola litatha anali wandiweramira pa phewa,
akundikalipira kuti ndalumpha mfundo.

Thonje ndinaba mu pilo wanga yemwe,
kulikankhira m'kati ndi thako la bolopeni.
Mukachulutsa limasuzumira m'mabowo,
mukachepetsa kanthu kamafota ngati chubu chophwa.
Izi ndikuzidziwa chifukwa zonse ziwiri ndinazichita.

Mapiko ndi timasamba tiwiri, mfundo zisanu kalikonse.
Mlomo ndinasolola ulusi wofiira ku thumba la anyezi.
Maso ndinkafuna mabatani a malaya,
koma aphunzitsi anapukusa mutu:
"Mwana wa zaka zitatu amafunsa zinthu ndi pakamwa."
Ndiye ndinasoka ndi ulusi wakuda.
Lina linakwera, lina linatsika,
kamwanapiye nkumandiyang'ana
ngati kangomva kuti lendi yakwera.

Walinase anakalandira ndi manja awiri.
Anakanunkhiza: sopo, ndi utsi wa mbaula.
Anakatembenuza, nakasuzumira kunsi.
"Adadi, miyendo ili kuti?"

Miyendo sitinafikepo,
aphunzitsi anati ndi phunziro la mlungu wamawa.
Ndinasowa choyankha.

Mwana anaganiza, chala chili m'kamwa.
Kenako anakagoneka pa mphasa, pafupi ndi chikhakha changa,
nakafunditsa kampango ka amayi ake.
"Nakonso kakudikira adokotala.
Musakagonere."

Usiku umenewo ndinagona chowongoka ngati thabwa,
chifunga chikulowera pansi pa chitseko,
khosi likuwawa pa pilo wophwa theka.

Lachinayi akandidula chikhakha.
Njinga ikufuna girisi, tcheni chachita dzimbiri,
ngongole ya pa okala yafika tsamba lachiwiri.
Koma juzi ija yatsala mkono wathunthu,
ndipo Chiukepo wabweranso dzulo, kuyankhula motsitsa mawu:
akufuna kake, kokoleka pa hendulo,
kokhala ndi miyendo,
ndipo ndisauze aliyense pa siteji.